Funsani Azakhali: Makina osokera quilt osaboola m'thumba

Mwezi uno makalata angapo abwera ndi nkhani imodzi, ya makina osokera quilt, chofunda cha zigamba chokhala ndi thonje pakati ndi nsalu ina kunsi, ndiye ndawaika pamodzi. Yoyambayi ndaiyankha motalika chifukwa mafunso enawo akutsamira pa iyo.

FUNSO: Azakhali, kusoka ndimakukonda ngakhale si ntchito yanga yolipidwa. Kulumikiza zigamba ndakudziwa, moti nsalu zapamwamba za ma quilt awiri zatha, zikungodikira m'sutikesi. Chatsala n'kuzisokerera pamodzi ndi thonje lapakati ndi nsalu yakunsi. Mizere yowongoka yokhayokha yanditopetsa. Ndikufuna free-motion, kusoka kuja munthu amayendetsa nsalu yekha n'kumajambula masamba ndi mizere yokhotakhota ndi ulusi. Makina amene ndili nawo ndi aang'ono, opepuka. Nditayesa, ulusi unkangoduka, kunsi kwa nsalu n'kumaunjikana ulusi wopotanapotana. Wogulitsa wina wandionetsa makina okhala ndi kasikirini, akuti ali ndi mitundu ya sitichi yoposa 100. Ndalama yanga ndaisunga movutikira ndipo sindikufuna kuitaya. Ndigule otani?
— Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, mitundu 100 ya sitichiyo isakutengeni mtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa free-motion mudzagwiritsa ntchito mtundu umodzi wokha, sitichi yowongoka, ndipo ina yonseyo mudzakhala mwailipira kuti izingokongoletsa chivindikiro.

Taganizirani zimene zimachitika pansi pa singano. Mukamasoka diresi, mano aja ali kunsi kwa phazi la makina lopanikiza nsalu ndi amene amakoka nsalu, ndipo ndi omwewo amayeza kutalika kwa sitichi iliyonse. Pa free-motion manowo mumawatsitsa, n'kumanga phazi la darning, lija la sipuling'i lomwe limadumpha singano ikakwera n'kutsika kupanikiza nsalu singano ikamalowa. Kuyambira pamenepo nsalu ili m'manja mwanu, kutsogolo, kumbuyo, cham'mbali, mozungulira. Makina atsala ndi ntchito imodzi basi, kukweza ndi kutsitsa singano n'kukolanitsa ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini, kwa maola ambiri, pa nsalu zitatu zolemera zimene zikukokedwera uku ndi uku. Ndalama yanu ipite pa makina amene ntchito imodziyi amaigwira mosatopa.

Popita kukaona makina, tengani tepi yoyezera. Yezani kuchokera pa singano kukafika pa thupi la makina kudzanja lamanja. Mpata umenewo ndi umene udzakusangalatseni kapena kukulizani. Quilt ya pabedi lalikulu imatha kufika masentimita 230 m'lifupi, ndiye mukamasoka pakati penipeni, theka lake loposa mita imodzi, pamodzi ndi thonje lake, liyenera kupindidwa n'kulowa mumpatamo. Makina ambiri apanyumba otsika mtengo ali ndi mpata wa masentimita 15 kapena 16, ndipo ena aang'onoang'ono safikapo n'komwe. Pamenepo quilt ya mwana imatheka bwinobwino, koma yaikulu mudzalimbana nayo mpaka mapewa kuwawa. Mukapeza masentimita 18 kapena 20 mwapuma kale. Pa 22 kapena 23 ndi mtendere. Yang'ananinso kutalika kwa mpatawo kuchokera pansi kufika pa mkono wa makina, chifukwa mpukutu wa nsalu umafuna malo m'mwambamonso. Ndipo khalani pampando muone ngati singano ikuoneka popanda kuwerama. Makina ena ali ndi mutu waukulu wolendewera moti umakubisirani pamene mukusoka, chonsecho pa free-motion maso amafunika kuona kumene mukupita, ngakhale kumbuyo kwa singano.

Za mano, auzeni akuonetseni potsitsira, ndipo mutsitse nokha. Makina ena alibe potsitsira koma amabwera ndi kambale kophimba mano. Kambaleko kamagwira ntchito, kungoti kamatukuka pang'ono ndipo quilt yokhuthala imakodwapo. Pa makina awiri ofanana, ine ndimasankha amene mano ake amatsika. Mukadzawakweza n'kuona kuti sanatuluke, musathamangire kwa mmisiri. Pa makina ambiri amatuluka mukazunguliza gudumu kamodzi.

Chimene ogula ambiri sachiyesa ndi kuyenda pang'onopang'ono. Wogulitsa amaponda pedulo mpaka pansi kuti mumve liwiro. Inu pondani pang'ono chabe. Makina ofooka amayamba ndi kulira osayenda, kenako n'kudzidzimuka kuthamanga. Kutalika kwa sitichi pa free-motion kumachokera pa kumvana kwa phazi lanu ndi manja anu, ndiye makina osadziwa liwiro lapakati sadzakulolani kuphunzira. Apa ndi pamene makina a kompyuta ali ndi zinthu ziwiri zomwe ndimazilemekeza. China ndi kabatani kochepetsera liwiro, koti ngakhale mupondereze pedulo makina sapitirira malire amene mwaika. China ndi kuima singano ili pansi. Chachiwirichi n'chokoma zedi, chifukwa mukaima kuti musunthe manja, singano yagwira quilt ndipo siterereka n'kusiya sitichi yaitali yoonekera patali. Ngati makina a kasikirini aja ali ndi ziwirizi, ndiye pali chifukwa chowaganizira. Koma zonse ziwiri zili ndi njira yozilambalala. Kathabwa kakang'ono komatidwa pomwe pedulo imatsikira kamailetsa kufika pansi, ndipo singano mumaitsitsa ndi dzanja, kuzunguliza gudumu cha kwa inu, nthawi iliyonse mwaima. Dzanja limazolowera lokha.

Anyamuleninso. Makina oti mukuwanyamula ndi zala, quilt yolemera idzawakoka patebulo, ndipo kunjenjemera kwake kumaonekera m'masitichi. Pulasitiki yakunja si mlandu. Mlandu ndi makina opanda chimango chachitsulo m'kati.

Tsono mukandifunsa poika ndalama yochepa, ndinena mosabisa: pa makina akale achitsulo osoka sitichi yowongoka yokha, okonzedwa ndi mmisiri wodziwa. Awiri amene osoka ma quilt amawatchula kawirikawiri ndi Singer 15-91 ndi Singer 201, amene anapangidwa ochuluka kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Onse awiri mano ake amatsika. Mumapendeketsa mutu wa makina cham'mbuyo, kunsi mupeza sikuluwu yozunguliza ndi chala. A 201 ali ndi mpata wa pafupifupi masentimita 20 ndipo amayenda mwakachetechete moti mukhoza kusoka ana ali mtulo. A 15-91 mpata wake ndi wocheperako pang'ono, amalongolola, koma bobini yake imaima chilili m'shatulo cham'mbali ndipo imanyamula ulusi wambiri kuposa ya 201. Pa quilt yaikulu zimenezo si zazing'ono, chifukwa bobini zimatha motsatizanatsatizana. Kwa ine banja la 15 ndi limene limakhululuka kwambiri nsalu ikamakokedwa mbali zonse.

Ndipo banja limeneli ndi lalikulu. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, mafakitale a ku Japan anapanga makina ambirimbiri potengera kapangidwe ka Singer 15, n'kumawagulitsa ndi mayina osiyanasiyana. Butterfly wa ku Shanghai nayenso ndi wa banja lomweli. Ambiri mwa a ku Japan aja ali ndi kachitsulo kozunguliza pamwamba, cha kumanja, kotsitsira mano popanda kupendeketsa makina. Dzina lachilendo lisakuopseni. Mukaona thenshoni, timbale tija tomanga ulusi wapamwamba, ili kumaso kwa makina chakumanzere ndipo shatulo ikulowera cham'mbali, mwapeza wachibale. Ubwino wake waukulu ndi wakuti amadya zinthu wamba: bobini ya class 15, singano yapanyumba ya 130/705H yokhala ndi mbali imodzi yophwatalala, ndi mapazi a low shank, kutanthauza a chogwirira chachifupi pomangira ku makina. Izi zimapezeka kulikonse kumene amagulitsa zosokera.

Si makina akale onse amene akuyenera ntchitoyi. Singer 221, amene amatchedwa Featherweight ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1933, ndi okongola ndipo polumikiza zigamba alibe mnzake, koma mpata wake ndi wa masentimita 13 okha kapena pafupi pamenepo, mano ake satsika, ndipo okonda kusunga zakale anawakwezera mtengo. Singer 99 nawonso ndi aang'ono. Singer 66 mpata ali nawo, koma mano amafuna kambale kophimba.

Pogula akale, maso akhale pa mawaya. Labala yophimba mawaya a zaka 70 imauma n'kuyoyoka, ndipo makina onsewo ndi chitsulo. Musalumikize ku magetsi wodziwa asanawaone. Werengani kambale ka pa mota muone ngati ndi ya magetsi a ma volt 110 kapena a 220 mpaka 240, chifukwa makina akale ayenda maiko ambiri. Zungulizani gudumu ndi dzanja mumve ngati likuyenda mosakakamira, ndipo onetsetsani kuti shatulo ilimo.

Ngati mtima wanu uli pa atsopano okhala ndi waranti, yang'anani makina olimba osayendera kompyuta, opanda kasikirini, monga Janome HD3000 kapena Singer 4423. Mano ake amatsika, zigizagi ndi mabowo a mabatani amasoka, ndiye amathandiza pa zovala za ana anu atatuwo. Kungoti mpata wake ndi wamba uja, ndipo singano saiimitsa pansi okha. Makina amene anapangidwira ntchito yanuyi ndi monga Juki TL-2010Q ndi Brother PQ1500SL, amene amasoka masitichi 1,500 pa mphindi, kapena Janome 1600P wa 1,600. Onsewa ndi a sitichi yowongoka yokha, mpata wake uli pakati pa masentimita 21 ndi 23, ndipo ali ndi chitsulo chokwezera phazi ndi bondo kuti manja asachoke pa nsalu. Si otsika mtengo. Koma mukamva kuti wina akugulitsa ake ogwiritsidwapo kale ntchito, pitani mukawaone tsiku lomwelo.

Kulikonse kumene mukupita, pitani ndi kachidutswa kanu ka nsalu zitatu, masentimita 40 mbali zonse, ka thonje lomwelo mudzaike m'quilt, komanso ulusi wanu ndi phazi la darning ngati muli nalo. Kansalu kopyapyala ka wogulitsa makina aliwonse amakasoka bwino. Jambulani mabwalo, lembani dzina lanu ndi ulusi, bwererani cham'mbuyo, pitani kumanzere ndi kumanja. Kenako tembenuzani muone kunsi, chifukwa kumeneko n'kumene makina amaulula khalidwe lake. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi makina ake. Ndipo musathere ndalama yonse pa makina. Patulani ina ya phazi loyenera shank ya makinawo, mapaketi a singano, mafuta a makina ndi mmisiri.

Pomaliza, makina anu aang'onowo musawaweruze msanga. Ulusi wounjikana kunsi nthawi zambiri umabwera chifukwa chokwezera phazi sichinatsitsidwe. Phazi la darning limaoneka ngati lili m'mwamba ngakhale latsika, ndiye munthu amaiwala, chonsecho timbale ta thenshoni timagwira ulusi pokhapokha chokwezeracho chili pansi. Polowetsa ulusi chikhale m'mwamba, posoka chikhale pansi. Musanayambe, tulutsani ulusi wa m'bobini pamwamba pa quilt n'kugwira nsonga zonse ziwiri pa masitichi oyambirira. Za kuduka, ikani singano yatsopano ya topstitch ya 90/14, yomwe diso lake ndi lalitali ndipo siperesa ulusi, ndipo yesani ulusi wina chifukwa wokhalitsa umafooka. Zikatheka, phunzirirani pa makina omwewo ndi tinsalu ta patebulo ndi ma quilt a ana uku ndalama ikukwanira. Mudzapita kukagula mukudziwa chimene manja anu akufuna.

FUNSO: Azakhali, ine ndi telala ndipo makina anga ndi opalasa ndi miyendo, anandisiyira ndi malume anga. Makasitomala ayamba kufunsa zofunda zosokerera maluwa. Ndafufuza paliponse, potsitsira mano palibe. Kodi ndigule amagetsi basi?
— Telala wachinyamata

YANKHO: Mwanawe, usagule kanthu panopa. Makina opalasa amasiya manja onse awiri omasuka, ndipo n'chimene free-motion imafuna. Amene sangatheke ndi opukusa ndi dzanja, chifukwa dzanja limodzi silingayendetse quilt. Ndipo uli ndi chinthu chimene anzako a makina amagetsi apanyumba amachifunafuna: makina ako anamira m'tebulo, nsalu ikuyenda pamalo osalala popanda chitunda.

Yamba wapendeketsa mutu uyang'ane kunsi, pafupi ndi shatulo. Ena a banja la 15, monga 15-88 amene anali opalasa, ali ndi sikuluwu yotsitsira mano kumeneko, ndipo anthu amasoka zaka osaidziwa. Ikapanda kupezeka, ika kutalika kwa sitichi pa 0. Mano azingokwera ndi kutsika osakoka nsalu, ndipo osoka ena amachita kukonda choncho ngakhale pa makina oti mano amatsika. Akamakola nsalu yakunsi, dula kapepala kolimba kosalala, uboole poti singano idutse, ukamatire pamwamba pa mano ndi selotepi. Masulanso pang'ono sikuluwu ili pamwamba pa mutu yopanikizira phazi kuti quilt iziyenda momasuka.

Pomwe pali ntchito ndi pa miyendo. Iwe unazolowera kupalasa mothamanga pa msoko wautali n'kuima. Apa pakufunika kupalasa kofanana, kwapakatikati, uku manja akuchita zawo zina. Poyamba miyendo idzafuna kutsatira manja, pokhota n'kumachedwa nawo limodzi, ndipo gudumu likangobwerera m'mbuyo ulusi waduka. Lamba akhale womangika bwino, asamaterereke. Yamba ndi mapilo usanalandire chofunda cha kasitomala.

FUNSO: Azakhali, amuna anga apeza makina a m'fakitale a Juki amene shopu ina yotseka ikugulitsa motchipa, ndipo akuti andigulire. Ndikuopa liwiro lake. Angandithandize pa ma quilt?
— Wowerenga wanu wa nthawi zonse

YANKHO: Achemwali, mantha anuwo ali ndi pake. Makina monga Juki DDL-8700 amafika masitichi 5,500 pa mphindi, ndipo ngati ali ndi mota ya clutch, ija imangolira nthawi yonse magetsi akayatsidwa, mukangokhudza pedulo nsalu yapita. Pa free-motion imeneyo ndi nkhondo. Koma mota imasinthika. Mmisiri akachotsa ya clutch n'kuika ya servo, mumadziikira liwiro lomwe mukufuna, imakhala chete mukaima, ndipo magetsi imadya ochepa. Bambowo awerengere mtengo wa servo pamodzi ndi wa makina asananene kuti n'zotchipa.

Zikatero mwapeza mpata woposa wa makina apanyumba ambiri, tebulo lalikulu losalala ndi chokwezera cha bondo. Mano ake alibe potsitsira, koma amamasulidwa ndi masikuluwu awiri mutachotsa kambale ka singano. Singano zake ndi zozungulira za DBx1, zapanyumba sizilowa, ndipo phazi la darning liyenera kukhala la makina a m'fakitale. Mufunse kaye ngati phazilo mulipeza. Onetsetsaninso kuti ndi makina a sitichi yowongoka a nsalu wamba. Ngati shopuyo inkasoka zikopa kapena mipando, akhoza kukhala a walking foot, amene phazi lake limayenda lokha kukoka nsalu, ndipo amenewo pa ntchito yanu ayi. Muganizirenso poika. Kunsi kwake kuli chibeseni cha mafuta, sanyamulika, ndipo pamene mwawakhazika ndi pomwepo.

FUNSO: Azakhali, makina ndinagula kale ndipo mzere wowongoka amasoka bwino. Koma pa free-motion masitichi ena ndi aatali, ena tinthu tating'onoting'ono, ndipo pokhota ulusi wapamwamba umatulukira kunsi ngati nsidze. Mnzanga akuti ndikanagula okhala ndi chipangizo choyezera sitichi. Kodi ndinaponya ndalama m'madzi?
— Mphunzitsi wopuma ntchito

YANKHO: Ayi, Aphunzitsi, simunaponye. Chipangizo chimene mnzanuyo akunena chilipodi. Bernina ali ndi chake chotchedwa BSR, phazi lokhala ndi kadiso kowerenga mmene nsalu ikuyendera n'kumauza mota kuti ithamange kapena ichedwe. Chimagwira ntchito, koma chimayendera makina amtengo wapatali, ndipo ma quilt osawerengeka okongola anasokedwa popanda icho.

Masitichi aatali akutanthauza kuti manja akuthamanga kuposa makina. Ang'onoang'ono akutanthauza kuti makina akuthamanga kuposa manja. Mulingo wabwino ndi mamilimita 2 mpaka 2.5, chimodzimodzi msoko wa masiku onse. Ophunzira ambiri amapondereza pang'ono chifukwa cha mantha, n'kumasuntha nsalu modukizadukiza. Yesani kuwonjezera liwiro la makina pang'ono n'kuchedwetsa manja. Mudzamva kulira kwa makina kukakhazikika, ndipo khutu ndi limene lidzayambe kukutsogolerani.

Nsidze za pokhota zimachokera komweko. Pokhota manja amakonda kuthamanga osadziwa, n'kukokera ulusi wapamwamba kunsi. Chedwetsani manja pokhota, phazi lanu pa pedulo likhale pomwe lili. Zikapitirira, mangani thenshoni yapamwamba pang'onopang'ono, theka la nambala nthawi imodzi, n'kumayesa pa kachidutswa. Sikuluwu ya pa shatulo, yomangira ulusi wa m'bobini, isiyeni mpaka zina zonse zitakanika. Ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini ukhale wa makulidwe ofanana, monga wa thonje wa 50 konsekonse, ndipo pophunzira ukhalenso wa mtundu umodzi kuti zolakwika zazing'ono zibisale. Kumbukirani kuti pa ulusi nambala ikamakwera, ulusi ukuonda, pomwe pa singano nambala ikamakwera, singano ikunenepa.

Pali chinanso chimene anthu amanamizira makina, ndicho kulemera kwa quilt. Ikalendewera m'mphepete mwa tebulo imakukokani, inu n'kumakoka mobwezera, ndipo masitichi amasokonekera. Kankhirani tebulo kukhoma kuti quilt isagwere kumbuyo, ikani tebulo lina kapena thabwa lositirapo zovala kumanzere kwanu, ndipo mbali imene mukusoka ikhale yomasuka mozungulira singano, malo okwana zikhato ziwiri. Ngati makina anu akhala pamwamba pa tebulo, pezani katebulo kowonjezera kozungulira mkono wake, kapena mmisiri wa matabwa akupangireni kofanana msinkhu ndi kambale ka singano. Magolovesi opyapyala okhala ndi timadontho ta labala, ngati a kumunda aja, amathandiza kugwira nsalu osafinya zala. Ndipo ngati makina anu ndi a zigizagi, funsani kambale ka bowo limodzi laling'ono lozungulira. Bowo lalitali la zigizagi limalola nsalu kutsikira m'kati ndi singano, n'chifukwa chake masitichi ena amadumphika. Mukaika kambale kameneko musaiwale n'kusoka zigizagi, singano idzathyoka.

FUNSO: Azakhali, kugula makina ena sindingathe, ndipo anga mpata wake ndi masentimita 15. Mdzukulu wanga akukwatiwa ndipo ndinamulonjeza quilt ya pabedi lalikulu. Ndichite bwanji?
— Agogo

YANKHO: Agogo, lonjezolo likwaniritsidwa pa makina omwewo. Njira yosavuta ndi kusasoka quilt yonse nthawi imodzi. Igaweni m'zigawo, kaya mabokosi a masentimita 40 kapena 50, kaya mizere itatu italiitali. Chigawo chilichonse chikhale ndi nsalu yapamwamba, thonje ndi yakunsi, muchisokerere maluwa anu pachokha, n'kusiya masentimita atatu kapena anayi m'mphepete osasoka. Mukamaliza mumalumikiza nsalu zapamwamba ndi makina, thonje mumalidula kuti ligundane mlomo ndi mlomo osasanjikizana n'kulilumikiza ndi singano yapamanja, ndipo nsalu yakunsi mumapinda mbali imodzi pamwamba pa inzake n'kusoka pamanja. Ena amalumikiza ndi timizere ta nsalu pamwamba ndi kunsi, tomwe timasanduka mbali ya kukongola kwa quilt.

Ngati nsalu yapamwamba munailumikiza kale yonse ndipo simukufuna kuiphwasula, gawani thonje lokha. Lidulani patatu m'litali, muike chigawo chapakati chokha n'kusoka pamenepo. Mumpata wa makina mudzadutsa nsalu ziwiri zopyapyala basi, zopanda thonje. Mukamaliza pakati, bwezerani thonje la mbali imodzi, mulumikize, musoke, kenako mbali inayo. Podula, dulani mokhotakhota ndipo ikani zizindikiro kuti chigawo chilichonse chidzabwerere pamalo ake, mzere wolumikizira sudzaoneka pabedi.

Sankhani thonje lopyapyala, la thonje lenileni kapena losakaniza magawo 80 a thonje ndi 20 a poliyesita. La poliyesita lotukuka lija limadzaza mpata ndipo limaterera. Mangani nsalu zitatuzo ndi mapini otseka motalikirana ngati chikhato chanu, pafupifupi masentimita 10, n'kumawachotsa mukamayandikira. Yambirani pakati kupita kumanja, kenako tembenuzani quilt, kuti mumpata musalowe choposa theka. Ndipo musaikulunge mpukutu wolimba, umauma n'kumakuguguda paphewa. Ingoiunjikani momasuka m'mapindo. Maluwa asakhale ang'onoang'ono: mizere yotalikirana zala zitatu kapena zinayi imatha msanga ndipo quilt imakhala yofewa pofunda. Papaketi ya thonje amalemba kutalikirana kwa mizere kumene thonjelo limalola, muwerenge musanataye pepalalo.